Kodi Nzeru Yokha Ingamasule Munthu ku Fodya?

Chimene ndinaona pa tchuthi

Abale anga, inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akuluakulu kale, ndidziwa kuti ambiri a inu munapita ku sukulu ya kwacha chifukwa cha ana anu. Munafuna kuti mwana akalemba kalata, kapena akatumiza uthenga pa lamya, muziwerenga nokha, osapita kukabwereka maso a mnzanu. Ena mwa ana amenewa afika patali ndithu. Ali ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda, ku Mzuzu ndi ku Thyolo, m'masukulu a ukachenjede amene tiwatcha mayunivesite. Pamene yunivesite yoyamba ya dziko lino inatsegula zitseko zake mu 1965, ophunzira ake anali owerengeka. Lero alipo zikwizikwi, ndipo midzi yambiri ili ndi mwana wake kumeneko. Nkhani imene ndifuna kukamba nanu m'kabuku kano ndi ya ana amenewa.

Pa tchuthi china, dzuwa litapendeka, ndinali kuzungulira pa sukulu yathu kuona ngati zitseko zonse zatsekedwa. Kuseri kwa kalasi ya Sitandade 8 ndinapeza mnyamata atakhala pa njerwa, alikusuta ndudu. Atandiona anadzidzimuka, nabisa dzanja kumbuyo monga kamwana kamene kaba shuga. Koma utsi subisika. Mnyamata ameneyu ndinamphunzitsa ine mwini kulemba ndi kuwerengera, ndipo pa nthawiyo anali m'chaka chachitatu ku yunivesite, kuphunzira za sayansi.

Ndinamfunsa kuti, "Mwana wanga, kodi sudziwa chimene fodya achita m'thupi la munthu?"

Iye anayang'ana pansi nati, "Aphunzitsi, ndidziwa bwino lomwe. Ndinalemba mayeso pa nkhani yomweyi, ndipo ndinakhoza. Ndayesa kusiya katatu konse, koma ndalephera."

Mawu amenewa sanandichoke m'mutu. Ife aphunzitsi tikhulupirira kuti umbuli ndiwo muzu wa mavuto, ndi kuti munthu akaphunzira aleka zopusa. Tsono apa panali munthu wophunzira, wodziwa zonse, koma womangidwa ndi kanthu kosaposa chala. Nanga bwanji munthu apitiriza kuchita chinthu chimene adziwa kuti chimuononga? Ndipo ngati nzeru yokha simmasula, ife makolo, aphunzitsi ndi anzake tingamthandize motani, makamaka pamene mankhwala palibe?

Kudziwa ndi kuchita

Funso limeneli si la lero. Zaka zoposa 2,400 zapitazo, mu mzinda wa Athens ku Greece, munali munthu wanzeru dzina lake Socrates. Iye anali kuphunzitsa kuti palibe munthu achita choipa alikudziwa bwino kuti ndi choipa, ndi kuti wolakwa aliyense alakwa chifukwa cha kusadziwa. Pambuyo pake kunabwera wina, Aristotle, amene anapenyetsetsa makhalidwe a anthu, naona kuti munthu angathe kudziwa chabwino koma n'kugonjetsedwa ndi chilakolako. Mnyamata wa kuseri kwa kalasi uja anandionetsa kuti Aristotle anaona zoona.

Komabe tisapeputse kudziwa. Kale anthu ambiri, ngakhale madokotala, anali kusuta osadziwa kuopsa kwake. Mu 1950 akatswiri awiri a ku London, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anaonetsa kuti kusuta ndi khansa ya m'mapapo ziyendera limodzi. Kuyambira mu 1951 anayamba kutsatira miyoyo ya madokotala aamuna oposa 34,000 a ku Britain, ndipo ntchitoyi inatenga zaka 50. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2004, zinaonetsa kuti osuta moyo wao wonse anali kufa msanga ndi zaka ngati 10 poyerekeza ndi osasuta. Zinaonetsanso chinthu chopatsa chiyembekezo: wosiya ali ndi zaka 60 anapulumutsa zaka ngati 3 za moyo wake, wosiya pa zaka 50 anapulumutsa 6, wosiya pa zaka 40 anapulumutsa 9, ndipo wosiya pa zaka 30 anapulumutsa pafupifupi zonse 10. Doll mwini wake anali wosuta, ndipo ataona zimene anali kupeza anasiya.

Lero bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linena kuti fodya apha anthu oposa 7 miliyoni chaka ndi chaka, ndi kuti mwa osuta amene sasiya, mpaka theka afa ndi matenda odza ndi fodyayo. Utsi wake uononga mtima ndi mapapo, ndipo utsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB, matenda amene kwathu kuno tiwadziwa bwino. Kudziwa zimenezi n'kofunika. Koma kudziwa kunga nyali ya usiku: kuonetsa njira, koma sikunyamula miyendo ya munthu.

Chingwe cha maluzi atatu

Kuti timthandize wosuta, tiyenera kuona chimene chammanga. Mudziwa kuti chingwe cholimba chipotedwa ndi maluzi angapo. Chingwe cha fodya chili ndi maluzi atatu.

Luzi loyamba lili m'thupi. Mu fodya muli chinthu chotchedwa nikotini. Munthu akakoka utsi, nikotini afika ku ubongo m'timphindi tochepa, ndipo ubongowo uzolowera. Nikotini akachepa m'magazi, munthu agwidwa ndi chibaba: mtima ukhala m'mwamba, apsa mtima msanga, tulo tisowa, ndipo maganizo sakhazikika pa buku. Wophunzira anena kuti, "Ndudu indikhazika mtima pansi kuti ndiwerenge." Zoona zake n'zakuti nduduyo ingotontholetsa njala imene inadzutsidwa ndi ndudu yam'mbuyo. Ali ngati munthu wobwereka kwa katapila kuti abweze ngongole ya katapila yemweyo.

Luzi lachiwiri ndi chizolowezi. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Wosuta ndudu 10 pa tsiku asuta ndudu 3,650 pa chaka. Iliyonse ili ndi nthawi yake: atadzuka, atadya nsima, potuluka m'kalasi, pomwa mowa, powerenga usiku. Monga njira ya kuchitsime ipangika chifukwa cha kupondedwa tsiku ndi tsiku, chomwechonso dzanja liphunzira njira ya ku thumba ndi ku milomo, ndipo liyenda lokha munthu asanaganize.

Luzi lachitatu ndi anzake. Taganizani za mwana wochoka ku mudzi, amene wafika pa sukulu yaikulu kumene sadziwa munthu. Nsapato zake n'zakutha, Chingerezi chake n'cha m'buku, ndipo usiku akumbukira kwao. Woyamba kumpatsa moni amtambasuliranso ndudu. Polandira nduduyo, mwanayo safuna utsi ai; afuna mnzake. Ku America, lipoti la boma la mu 2012 linaonetsa kuti pafupifupi osuta onse ayamba asanapitirire zaka 26. Motero zaka za ku yunivesite zili ngati chipata chotsiriza: wodutsa pamenepo wosasuta kawirikawiri sadzasuta konse, ndipo wosiya ali pamenepo asiya thupi lake lisanaonongeke kwambiri. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Kukalipa ndi kulekerera

Atate a mnyamata uja atamva za mwana wao anadza ku ofesi yanga ali okwiya. Anati, "Ahedi, mwana uja wandichititsa manyazi pa mudzi. Ndamuuza kuti akapanda kusiya, fizi ndileka kulipira." Ndinawafunsa kuti mwanayo wayankha chiyani. Anati, "Walumbira kuti wasiya." Koma ine ndinali kudziwa kuti sanasiye, anangophunzira kubisa bwino.

Kukalipa kuli ndi vuto limeneli: sikudula luzi ngakhale limodzi mwa atatu aja. Chibaba sichimva mawu a ukali. Ndipo mwana wochititsidwa manyazi athawa makolo ake n'kupita kwa iwo amene samdzudzula, ndiwo anzake osuta aja. Potero ukali wathu ulimbitsa chingwe chimene tifuna kudula.

Wina anganene kuti, "Tsono mlekeni. Wakula, ndipo mapapo ndi ake." M'mawu amenewa muli choona. Wophunzira wa ku yunivesite si mwana wa Sitandade 1, ndipo palibe angamsiyitse fodya iye asanafune. Koma ufulu weniweni ndi wa munthu amene angathe kutola chinthu, angathenso kuchisiya. Amene ayesa katatu nalephera sali pa ufulu. Alikupempha thandizo, ngakhale sanatchule. Ndiponso utsi sudziwa mwini wake. M'chipinda chogona ophunzira anai, wosuta akhoza kukhala mmodzi, koma opuma utsiwo ndi onse. Chifukwa chake pakati pa kukalipa ndi kulekerera tiyenera kupeza njira yachitatu, ndiyo kuyenda naye.

Njira zothandiza popanda mankhwala

Alipo mankhwala othandiza kuchepetsa chibaba, ndipo amene angathe kuwapeza afunse kuchipatala; asachite nawo manyazi. Koma ambiri a ana athu sawapeza, ndipo ngakhale atawapeza, mankhwala agwira luzi loyamba lokha. Chizolowezi ndi anzake zidulidwa ndi njira zina. Nazi zimene zathandiza anthu ambiri.

Yoyamba ndi kusankha tsiku. Mawu akuti "ndidzasiya" alibe mano. Wosuta atchule tsiku lenileni, losapitirira masabata awiri kutsogolo, ndipo lisakhale pakati pa mayeso. Ena asankha tsiku lotsegulira sukulu, ena 31 May, limene dziko lonse likumbukira kuopsa kwa fodya. Madzulo a dzulo lake ataye ndudu zonse ndi machesi omwe, achape zovala ndi zofunda kuti fungo lichoke. Kuyambira tsikulo lamulo likhale limodzi: osakoka utsi ngakhale kamodzi.

Yachiwiri ndi kudziwa mayendedwe a chibaba. Chibaba chikula kwambiri m'sabata loyamba, makamaka pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ndipo kwa anthu ambiri chichepa pakapita masabata awiri kufikira anai. Ndiponso sichikhala tsiku lonse. Chidza ngati kamvuluvulu, chizunguza munthu mphindi zochepa, kenaka chipita, kaya munthuyo wasuta kaya sanasute. Wodziwa zimenezi sachita mantha. Chikafika amwe madzi pang'onopang'ono, apume mozama, atuluke panja ayende ndawala, kufikira chitadutsa. Kuyenda kapena kuthamanga ngakhale kwa mphindi zochepa kuchepetsa chibaba. Ndipo thupi silichedwa kuyamika: tsiku loyamba lomwelo mpweya woipa wa mu utsi uchepa m'magazi, ndipo pakutha pa chaka chiopsezo cha matenda a mtima chitsika kufika pa theka la cha wosuta.

Yachitatu ndi kulambula njira yatsopano. Wosuta alembe pa pepala nthawi zonse zimene asuta, ndipo pa nthawi iliyonse aikepo chochita china. Ngati anali kusuta atadya, adzuke msanga akatsuke mano. Ngati anali kusuta powerenga usiku, akawerengere m'nyumba ya mabuku mmene simuloledwa kusuta, ndipo m'thumba mukhale mtedza kapena chimanga chokazinga. Mowa aupewe m'masabata oyamba, pakuti ambiri agwera pamenepo. Ndalama za ndudu aziika padera tsiku ndi tsiku, kuti aone ndi maso ake chimene anali kutentha. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Yachinai ndi uphungu. Kukambirana ndi dokotala, namwino kapena mlangizi wa ophunzira, ngakhale kwa mphindi zochepa, kuthandiza. Ndipo kukumana naye kangapo kuthandiza koposa. Mlangizi wabwino salalikira. Afunsa wosutayo chimene iye mwini afunira kusiya, amvetsera, ndipo akonza naye zochita pa nthawi zovuta. Chifukwa chimene munthu wachitchula ndi pakamwa pake chikhala ndi mphamvu kuposa chimene wauzidwa.

Yachisanu ndi lamya ya m'manja. Ku Britain, mu 2011, akatswiri anayesa anthu ngati 5,800 ofuna kusiya fodya. Theka la iwo anali kulandira mauthenga olimbikitsa ndi olangiza pa lamya. Itatha miyezi 6, mwa anthu 100 alionse olandira mauthengawo, ngati 11 anali atasiyadi. Mwa enawo anali ngati 5 okha. Taonani zinthu ziwiri pamenepa. Mawu ochepa ofika pa nthawi yake anachulukitsa kawiri chiwerengero cha osiya. Komanso osiyawo anali ochepa, kutionetsa kuti nkhondoyi ndi yaikulu, ndipo wolephera si chitsiru. Apa ndi pamene kulemba kwanu, inu makolo, kungagwire ntchito. Uthenga wakuti, "Lero ndi tsiku lachinai, mwana wanga, limbika, tili nawe," mungathe kuulemba nokha.

Yachisanu ndi chimodzi, imene ine ndiiona yoposa zonse, ndi kusiya pamodzi. Mu 2008 Nicholas Christakis ndi James Fowler anafalitsa zimene anapeza pounika miyoyo ya anthu oposa 12,000 olumikizana ndi tauni ya Framingham ku America, pa zaka zoposa 30. Anaona kuti anthu sasiya fodya mmodzimmodzi, koma m'magulu: wina akasiya, mkazi wake, m'bale wake ndi bwenzi lake nawonso akhala pafupi ndi kusiya. Makolo athu anadziwa kale zimenezi pamene anati mutu umodzi susenza denga. Chinthu chimene chinalowa ndi anzake chituluka bwino ndi anzake. Ophunzira awiri kapena atatu apangane tsiku limodzi, azifunsana m'mawa ndi madzulo. Magulu a mpira, a kwaya, a zisudzo ndi a mapemphero atsegule zitseko zao, kuti wosiya fodya asatayenso ubwenzi.

Yotsiriza ili m'manja mwa akuluakulu a sukulu. Kumene kusuta n'koletsedwa m'makalasi, m'nyumba zodyera ndi m'zipinda zogona, osasuta atetezedwa, ndipo ofuna kusiya sayesedwa pa khomo lililonse. Maiko anapangana pangano lochepetsa kusuta mu 2003, ndipo Malawi analowa m'panganoli mu 2023. Limodzi la mfundo zake ndi kuteteza anthu ku utsi m'malo opezekamo anthu ambiri. Koma lamulo liyende limodzi ndi thandizo. Kuletsa kopanda kuthandiza kungothamangitsira wosuta kuseri kwa nyumba.

Akagwa

Ambiri amene anasiya fodya anayesa kangapo asanapambane. Chifukwa chake mwana akagwa, tisanene kuti, "Tinadziwa kale." Tifunse kuti, "Unagwera pati? Unali ndi yani? Nthawi ina tidzachita chiyani pamalo pomwepo?" Mlimi amene mbewu zake zapserera salumbira kuti sadzalimanso, abzalanso mvula ikabwera, ndipo tsopano adziwa mbali ya munda imene iuma msanga. Kulephera katatu kwa mnyamata uja sikunali umboni wakuti sangathe. Kunali maphunziro atatu amene panalibe womthandiza kuwawerenga.

Nanga ife olima fodya?

Pali funso limene sindingalithawe. Atate a mnyamata uja ndi mlimi wa fodya wa bale. Fizi ya mwanayo, kuyambira ku sekondale, inachokera m'chigafa ndi m'mabelo opita ku okushoni. Ndi mmene zilili m'mabanja ambiri, pakuti fodya wogulitsidwa ku Limbe, ku Kanengo, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu ndiye wakhala akubweretsa ndalama zakunja zambiri m'dziko lino kwa zaka zochuluka. Mwanayo anawafunsa atate ake kuti, "Bambo, ngati fodya ndi woipa, bwanji inu mulima?" Mkuluyo anasowa chonena.

Ine sinditsutsa mlimi amene alima chimene chimdyetsa. Koma sindinganenenso kuti funso la mwanayo n'lopanda pake. Fodya amene timuopa pa milomo ya mwana wathu akathera pa milomo ya mwana wa wina, kutsidya la nyanja, ndipo akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Funso limeneli dziko lonse liyenera kulisenza, pofunafuna mbewu zina zimene zingadyetse mlimi, monga soya, mtedza ndi mpendadzuwa. Koma kholo lisadikire kuti funso lalikululi lithe lisanathandize mwana wake. Yankho loona liposa kukhala chete. Kholo lingathe kunena kuti, "Inde, mwana wanga, ndalima fodya kuti iwe uphunzire. Ndinapirira utsi ndi thukuta kuti moyo wako ukhale wautali ndi wabwino kuposa wanga. Usatenthe chimene ndinavutikira." Mawu otere ali ndi mphamvu chifukwa sabisa kanthu.

Mathero ake

Tchuthi chisanathe tinakhala pansi atatu, ine, mnyamatayo ndi atate ake. Mkuluyo anabweza mawu ake a fizi. Mnyamatayo anasankha tsiku, napangana ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi, amenenso anali kusuta. Amai ake, amene anaphunzira kulemba ku sukulu ya kwacha monga inu, anali kumtumizira uthenga madzulo alionse. Pa nthawi ya mayeso anagwa, nasuta masiku awiri. Koma ulendo uno sanabise. Anauza mnzakeyo, anauzanso amai ake, ndipo anayambanso. Pamene ndinakumana naye komaliza anali atatha chaka wosasuta. Sindinganene kuti sadzayesedwanso, pakuti chibaba chidziwa kudikira. Chimene ndidziwa n'chakuti akadzayesedwa sadzakhala yekha kuseri kwa kalasi.

Tsono funso lathu lija tiliyankha motere. Nzeru yokha simasula munthu ku fodya. Imuonetsa khomo, koma kuti atuluke pafunika kufuna kwake, njira yokonzedwa bwino, ndi anthu oyenda naye. Kufunako ndi kwake, ndipo sitingamfunire. Zinazo zili m'manja mwathu. Ngati mwana wanu abwera pa tchuthi malaya ake alikununkha utsi, musayambe ndi ukali, ndiponso musatembenukire kumbali. Mpatseni mpando, adye, ndipo atakhuta mumfunse mofatsa kuti, "Kodi unayesapo kusiya? Tingakuthandize bwanji?"